Ukakakhala mkazi wekha pa saiti yomanga

Mng'ono wanga, wamaliza za uinjiniya ku MUBAS, ija ife tinkaitcha Poly, ndipo akutumiza ku saiti. Tamvera zimene ndinaziona ine.

Nsapato za chitetezo ugule zako usanapite. Zimene anandipatsa ku kampani zinali zazimuna, ndipo ndinayenda mwezi wonse nditatsendera manyuzipepala kuzala, matuza okhaokha. Tsiku loyamba lomwelo ufunsenso za chimbudzi cha amayi. Ngati palibe, pempha polemba kalata.

Nkhani yaikulu ndi foromani. Adzakutcha "asisi", ukalankhula adzayang'ana mnyamata amene waima pambali pako, ngakhale akhale wophunzira chabe. Usakangane naye pamaso pa anyamata ake. Khala ndi buku la saiti, ndipo lamulo lililonse ulembe, uike tsiku, iye asaine. Tsiku lina ndinapeza akuthira madzi owonjezera mu konkire kuti izitsika msanga pakati pa zitsulo. Nditaletsa anaseka, amvekere: "Amayi, tinayamba kuthira konkire inu musanabadwe." Ndinayeza slump (kufewa kwa konkire) iye akuona, ndinadzaza ma cube (timabokosi toumbira konkire yokayeza mphamvu yake), ndinalemba. Atawaphwanya pa masiku 7 ndi 28 mphamvu sinakwane, ndipo mabwana atayamba kufunafuna womukankhira mlandu, bukulo linandiwombola. Komabe usamunyoze bamboyo. Za mashatala (matabwa otchingira konkire pothira) ndi kamangidwe ka zitsulo amadziwa zambiri zimene m'kalasi sitinaphunzire, choncho uzimufunsa.

Kumisonkhano adzafuna kuti uzilemba maminitsi ndi kukonza tiyi. Lemba kamodzi, ulendo wotsatira unene kuti tizisinthana.

Bwana akayamba kukutumizira mauthenga okunyengerera usiku pa WhatsApp, usafufute ngakhale umodzi. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa khalidwe limeneli pantchito, ndipo kampani ikanyalanyaza ungakadandaule ku Malawi Human Rights Commission. Ukadzakhala woyembekezera, lamulo la ntchito limakupatsa tchuthi cha masabata osachepera 8 ukulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Zimandipweteka kuti anzanga ena anasiya ntchito osadziwa zimenezi.

Ukalembetse msanga ku Malawi Engineering Institution, bungwe lolembetsa mainjiniya, upezenso injiniya wamkulu woti aziona ntchito yako. Akakusunga mu ofesi miyezi itatu ati kunja kuli dzuwa, pita ukapemphe saiti yako.