Mmene mungatetezere khungu pogwira ntchito ndi mankhwala a golide, siliva ndi platinamu

Ogwira ntchito yoyenga golide, yoyeza miyala ya kumigodi m'malabotale kapena yokuta ndolo ndi mikanda ndi golide kuno ku Harare amakumbukira kuvala masiki, koma ambiri manja sawasamala kwenikweni. Mphete ya golide kapena ya platinamu kawirikawiri sivulaza munthu. Choopsa ndi chitsulo chimene chasungunulidwa mu asidi n'kusanduka madzi kapena ufa wonga mchere, chifukwa chimatha kulowa pakhungu, makamaka likakhala long'aluka, lamabala kapena lonyowa ndi thukuta.

Mchere wa platinamu wokhala ndi klorini ndiwo wovuta kwambiri, popeza thupi limayamba kudana nawo pang'onopang'ono: mphuno zimachucha, maso amayabwa, khungu limatuluka ziwengo, kenako munthu amadwala mphumu, ndipo akafika pamenepo ngakhale kafumbi kochepa kamadzutsa matendawo. Osuta fodya ndiwo amagwidwa msanga. Mankhwala a siliva otchedwa silver nitrate amasiya mawanga akuda pakhungu, pamene madzi okutira golide okhala ndi cyanide ndi poizoni amene amatha kulowera pakhungu n'kufika m'magazi.

Musanayambe ntchito, yang'anani manja anu ndipo bala lililonse mulimate ndi pulasitala yosalowa madzi. Valani magolovesi a labala wa mtundu wa nitrile ofika pamwamba pa mkono wa ovololo, osati ansalu kapena achikopa, chifukwa amenewo amamwa mankhwala n'kuwasunga pakhungu tsiku lonse. Povula, tembenuzani golovesi kuti kunja kwake kulowe mkati, ndipo yobooka muitaye pomwepo. Foni musaigwire mutavala magolovesi, poti mankhwalawo imawanyamula n'kukawapaka patsaya.

Mankhwala akakudontherani, vulani chovala chonyowacho ndipo tsukani pamalopo ndi madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 15. Ngati mankhwalawo ali ndi cyanide, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Thinasi wosungunulira penti si wosambira m'manja, amangoumitsa khungu n'kuling'alula. Ovololo ichapidwe kuntchito komweko, isamakwere nanu kombi yopita ku Mbare kapena ku Mufakose n'kukasakanikirana ndi zovala za ana.

Ngati ziwengo kapena chifuwa zimachepa mukakhala patchuthi n'kuyambiranso mukabwerera kuntchito, uzani adokotala dzina la mankhwala amene mumagwira, ndipo pemphani abwana anu kuti nkhaniyo ikalembedwe ku NSSA, bungwe limene limaona za chitetezo ndi chipukuta misozi cha ogwira ntchito.