Kuyala ndi kudula matailosi a granite: malangizo kwa amisiri a ku Salima

Amisiri anzanga a kuno ku Salima, mwini nyumba kapena mwini malo ogona alendo ku Senga Bay akakubweretserani matailosi a granite, musawaone ngati matailosi wamba a dothi lootcha. Umenewu ndi mwala weniweni wochekedwa kuphiri, ndipo tailosi imodzi ya masentimita 60 mbali zonse, yochindikala masentimita 2, imalemera pafupifupi makilogalamu 20. Ngakhale ndi wolimba chotero, mwalawu supindika, choncho pansi pake pakasuntha kapena pakakhala mphako umangothetheka.

Yambani mwaona pansipo. Konkire yatsopano ikhale masiku 28 musanayalepo kanthu, makamaka m'madera a dothi la makande, limene limafufuma nthawi ya dzinja n'kung'ambika m'chilimwe. Gonekani thabwa lowongoka la mamita awiri m'malo osiyanasiyana, ndipo pamene pakutsala mpata woposa mamilimita atatu pakonzedwe kaye. Kenako kokani chingwe pakati pa chipinda, muwongole ngodya ndi muyeso wa 3, 4 ndi 5 (ngodya ili bwino ngati mbali ziwiri zokumana zili 3 ndi 4, ndipo mzere wolumikiza nsonga zake uli 5), n'kuyala matailosi opanda simenti kuti muone mmene mitundu ikugwirizanirana, poti miyala yochokera m'phiri limodzi siifanana ndendende. Muuzeni mwini nyumba kuti pa matailosi khumi alionse awonjezerepo imodzi ya zodulidwa ndi zosweka.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi chizolowezi choika timilu tisanu ta simenti, m'ngodya zinayi ndi pakati, pofuna kuti thumba lifike patali. Pansi potero pamaoneka bwino tsiku lolandira malipiro, koma mukagogoda pamalira ngati ng'oma, ndipo mwendo wa bedi ukadzaponda pamphakopo tailosi ya ndalama zambiri yatha. Gwiritsani ntchito simenti yomatira matailosi, muipake pansi ndi chitsulo cha mano aakulu mizere yake italoza mbali imodzi, mupakenso pang'ono kumsana kwa tailosi, kenako muikhazike ndi nyundo ya labala. Ngati mwalawo ndi wa mtundu woyererapo, sankhani simenti yoyera kuti isaudetse.

Kutentha kwathu kuno, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, kumaumitsa simenti imeneyi msanga. Kandani yochepa, ndipo mupake malo okhawo amene mungayale pa mphindi khumi. Ikayamba kuuma pamwamba, moti chala chikaikhudza siimata, ipaleni n'kupaka ina. Kuithira madzi ndi kuipha mphamvu. Siyani mpata wa mamilimita atatu pakati pa matailosi komanso kampata m'mphepete mwa khoma, ndipo pasapondedwe mpaka tsiku lathunthu litatha. Pakhonde, pamene anthu amafika ndi mapazi onyowa kuchokera kunyanja, langizani mwala wokhakhala, chifukwa wopukutidwa uja umaterera.

Tsopano za kudula. Granite imadulidwa ndi disiki ya diamondi yokha, ndipo idulidwe ndi madzi. Madziwo amaziziritsa disiki ndi kuteteza m'mphepete mwa tailosi kuti musanyotsoke, koma ntchito yake yaikulu ndi kugwira fumbi. M'mwala umenewu muli silica wambiri, chinthu chimene chimapezekanso mumchenga, ndipo fumbi lake likalowa m'mapapo silitulukamo: limayambitsa matenda a silicosis, amene alibe mankhwala ochiza, ndipo munthu wodwala matendawa amagwidwa mosavuta ndi chifuwa chachikulu. Ndimamva chisoni kuona mnyamata wothandizira atayera mutu wonse ndi fumbi, pakamwa atangomangapo kansalu, chifukwa fumbi loopsalo ndi losalala kwambiri moti limadutsa pansalu. Pamafunika masiki osefa fumbi losalala otchedwa N95, othina bwino kumaso, magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu.

Makina a tebulo okhala ndi beseni la madzi ndiwo oyenera. Ngati muli ndi grinder yokha, makina odulira a pamanja, musachotse chotchingira chake, mudulire panja, ndipo mnzanu azidonthezera madzi pamzere pang'onopang'ono, mota ndi nthambo za magetsi zili pouma, inu mutavala nsapato za labala. Tailosi igone pathabwa lathyathyathya, mbali yonyezimira ili kumwamba. Musakakamize disiki kuti imalize kamodzi. Idutseni katatu kapena kanayi, mukuzamitsa pang'onopang'ono. Podula pangodya ya chitseko, boolani kaye kabowo pamene mizere iwiri ikukumana kuti mng'alu usapitirire. Mukamaliza, wolani matope a mwalawo akadali onyowa ndi kuwakwirira, chifukwa akauma mphepo ya mwera idzawaulutsira pakhomo pamene ana akusewera.