Pogona ku Tokyo: musanalipire, funsani dzina la siteshoni

Abale anga amene muli kuno ku Japan, kaya muli pa sukulu ku Sendai kapena Fukuoka uko, kaya mukugwira ntchito mufakitale ku Gunma, tsiku lina mudzafunika kugona ku Tokyo basi. Pena pali mapepala ofunika ku ofesi ya kazembe wathu ku Takanawa, pena m'bale akutera pa eyapoti ya Narita ndipo mukufuna aone kaye mzinda musanapite naye komwe mumakhala. Ine zinandionekera mayi anga atabwera kudzandiona, ndipo mpaka lero munthu akangoti "ndikupezerani malo otchipa" mutu umayamba kundiwawa.

Ndimakhala kutali ndi Tokyo ndipo nthawi imeneyo ndinkangodutsamo, ndinali ndisanagonemo. Ndiye ndinafunsa pa gulupu ina ya WhatsApp, wina nkundipatsa nambala ya mnyamata wina amene amati ndi ejenti, amathandiza anthu akuda kupeza pogona. Anandilandira bwino zedi, achimwene uku achimwene uko, zithunzi mbwee, nyumba yooneka bwino yokhala ndi khitchini, nkumati mayi aziphika nsima momasuka ngati ali kwawo. Apa ndi pomwe anandikolera, chifukwa mayi anga tsiku likadutsa osadya nsima amati agona ndi njala. Anati nyumbayo ili mu Tokyo, mphindi 10 kuchokera pa siteshoni, masiku asanu 60,000 yen, koma nditumiziretu zonse chifukwa anthu akuilimbirana. Ndinatumiza. Lisiti sindinafunse, dzina la siteshoni sindinafunse, ndinangomva "Tokyo" basi mtima pansi.

Adilesi anaitumiza tsiku lomwe mayi amafikalo, ine ndili kale pa eyapoti. Kuiika pa mapu, abale, ndinaona kadontho kali kumadzulo kwenikweni, kupitirira Tachikawa, chakumapiri a Ome. Ndipo chowawa nchakuti sananame, kumeneko ndi Tokyo ndithu pa pepala. Dera lomwe boma limalitcha Tokyo ndi lalitali, limayambira kunyanja mpaka kumapiri komwe kuli nkhalango. Tsono Narita ili ku Chiba, makilomita ngati 60 kum'mawa, ndiye kuti tinayenera kudutsa mzinda wonse kuchoka uku kukatulukira uko, kusintha sitima ndi masutikesi awiri akuluakulu, mayi atakhala mundege kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa, miyendo itatupa.

Tinatsika sitima cha m'ma 12 usiku. Mphindi 10 zija zinali za pa basi, ndipo basi yomaliza inali itapita kalekale. Tinayenda wapansi mumdima, matayala a sutikesi akulira mumsewu wonse uli zii, mayi osayankhula kanthu, ndipo amene mumawadziwa amayi a ku Malawi mukudziwa kuti akakhala chete choncho ndiye kuti zavuta. Kufika pakhomo, kiyi anati ali mukabokosi kotsegula ndi manambala, ndinadina manambala aja mwina ka 20, osatseguka. Kuimba foni, yothimitsa. WhatsApp katiki kamodzi. Kenaka kunatuluka agogo ena oyandikana nawo, aulemu ndithu koma akuoneka kuti atopa nazo, tinamvana kudzera pa foni yomasulira kuti nyumba imeneyo saloleza alendo ogona masiku ochepa, ndipo ife sitinali oyamba kuima pakhomopo ndi zikwama usiku.

Anatilozera ku koban, tija timaofesi ta apolisi tating'ono. Wapolisi anatithandiza bwino, anatiitanira takisi, koma za ndalama anangondiuza kuti popeza ndilibe lisiti kapena dzina lenileni la munthuyo zikhala zovuta. Takisi yobwerera ku Tachikawa inandidya kuposa 10,000 yen chifukwa kuyambira 10 koloko usiku mpaka 5 m'mawa mtengo amaonjezera ndi 20 peresenti, hotelo nkulipiranso mwapadera. Mnyamata uja anayatsa foni patapita masiku awiri, nkumati pepani achimwene mwini nyumba wandikhumudwitsa, ndibweza kumapeto a mwezi. Mwezi wake sunathebe mpaka lero.

Ndiye mverani. Chinthu choyamba chofunsa ndi dzina la siteshoni ndi njanji yake, osati dzina la mzinda. Mukapatsidwa dzina la siteshoni liikeni pa Google Maps muone kuti kuchokera pa eyapoti musintha sitima kangati. Kupitirira kamodzi muli ndi katundu kapena munthu wamkulu, zisiyeni. Ndipo akati mphindi zakuti, funsani, wapansi kapena pa basi? Kuno otsatsa nyumba amawerengera mphindi imodzi ngati mamita 80, ndiye mphindi 10 zenizeni ndi mamita 800, ndi sutikesi muwirikize kawiri. Munthu amene akukana kukupatsani adilesi musanalipire ndi wakuba, palibenso zokambirana, kaya akuyankhula Chichewa chokoma bwanji.

Za nyumba za anthu zobwereketsa kwa alendo, zomwe kuno amati minpaku, kuli lamulo kuyambira June 2018. Nyumba iyenera kulembetsedwa ku boma, imakhala ndi nambala, pakhomo pamamatidwa chikwangwani, ndipo yolembetsedwa pa lamulo limeneli siingalandire alendo kupitirira masiku 180 pa chaka. Funsani nambalayo. Akayamba zoti osadandaula achimwene timadziwana ndi mwini wake, thawani. Ineyo pano ndimangopita mumahotelo ang'onoang'ono a anthu apaulendo wa ntchito, monga Toyoko Inn kapena APA, zipinda ndi zazing'ono moti sutikesi umaitsegulira pabedi koma pali munthu pa kauntala, ndipo chitseko chimatseguka. Mungoonetsetsa kuti mwalemba nambala yoona ya anthu pobukitsa chifukwa malo ambiri mtengo umayendera mitu, zozemberetsa m'bale usiku kuno sizitheka ndipo mumangotichititsa manyazi tonse.

Tsono dera lake. Pakati pa Tokyo pali njanji yozungulira ya Yamanote, masiteshoni 30, kuzungulira konse ndi ola limodzi. Mukagona pafupi ndi njanji imeneyi simungasochere kwenikweni, mukaphonya potsikira imakubwezani yokha. Ine ndimati ngati mukutera pa Narita pitani ku Ueno kapena Nippori, basi. Sitima ya Skyliner imakufikitsani mphindi ngati 40 osasintha, mahotelo ndi otsikirako mtengo poyerekeza ndi mbali ya Shibuya, ndipo pali msika wa Ameyoko pomwe anthu amakuwa potsatsa malonda, nsomba zili poyera, moti mayi anga titasamukira kumeneko anati apa ndiye pali anthu amoyo. Asakusa ilinso pafupi, kuli kachisi wa Senso-ji kojambulitsa zithunzi zotumiza kumudzi, usiku kumakhala bata, koma siili pa Yamanote ndiye muzidalira sitima za pansi pa nthaka.

Amene mwabwerera mapepala gonani mbali ya Shinagawa, Gotanda kapena Hamamatsucho. Ofesi ya kazembe ili ku Takanawa pafupi pomwepo, ofesi yaikulu ya imigireshoni ili ku Konan kokwerera basi pa Shinagawa, ndipo eyapoti ya Haneda ndi pafupi kwambiri. Kumeneko ndi kwa maofesi, kosasangalatsa, koma mwabwerera chidindo osati chisangalalo. Ngati thumba lauma zedi ndipo muli nokha, ku Minami-Senju kuli tizipinda totchipa, bafa limodzi anthu onse, kale kunali kogona aganyu. Mnyamata akhoza kupirira, koma mayi anu kapena apongozi musawatengere kumeneko chonde.

Shinjuku aliyense amaifuna chifukwa ndi yomwe amaiona pa TikTok. Siteshoni yake ndi yomwe imadutsa anthu ambiri pa dziko lonse, zotulukira zoposa 200, ine ndemwe wokhala kuno ndinazunguliramo theka la ola kufunafuna khomo. Kukayenda masana pitani, makamaka ku Shin-Okubo komwe kuli timashopu ta halal mumapeza nyama ya mbuzi, nyemba, mpunga ndi tsabola, koma kugona ndi munthu wamkulu ayi. Ndipo hotelo mukaiona yotchipa modabwitsa ku Shinjuku yang'anani bwino, mwina ili mkati mwa Kabukicho. Anyamata, pano ndikunena ndi inu. Ku Kabukicho ndi ku Roppongi kuli anthu oima mumsewu okokera anthu mumabala, ena ndi akuda anzathu, akupatsani moni ngati munakulira limodzi, mowa wotchipa brother, kulowa ulere. Mukalowa bilu yake imabwera ya ndalama zoti mukanalipira lendi miyezi iwiri, ndipo pakhomo pamakhala pataima munthu. Ngakhale zokuzira mawu mumsewu momwemo zimachenjeza kuti musawatsatire. Inu nkumatsatirabe, ndiye tikuthandizeni bwanji?

Amene mumabwerera magalimoto musadzivute nkugona pakati pa mzinda. Maokushoni akuluakulu ali kunja, ina ku Noda ku Chiba, ina ku Yokohama komwenso kuli doko, ndipo salowa aliyense, pamafunika membala. Funsani amene akukulowetsaniyo kuti mukumana kuti, mugone mbali imeneyo, osati tsiku lililonse maola atatu musitima.

Zina ndi zazing'ono. Gulani khadi lolipirira sitima ndi basi la Suica kapena Pasmo muziyendera. Mlendo aziyenda ndi pasipoti nthawi zonse, inu okhala kuno zairyu khadi, chiphaso chokhalira m'dziko muno, mthumba, apolisi akhoza kufunsa ndipo hotelo imajambula pasipoti ya mlendo, ndi lamulo musakwiye. Masutikesi aakulu mukhoza kuwatumiza pa takkyubin, makampani onyamula katundu nkukasiya pakhomo, kuchokera pa eyapoti akakupezani ku hotelo mawa lake, ine ndinadziwa mochedwa. Obwera kuchokera kumudzi auzeni asanyamule nyama ya mtundu uliwonse, yofutsa kaya soseji, pa eyapoti pali agalu onunkhiza ndipo chindapusa chimafika 3 miliyoni yen. Musakwere sitima ndi katundu pakati pa 7:30 ndi 9 m'mawa, mudzalira. Sitima zimasiya kuyenda cha m'ma 12 mpaka 1 usiku nkuyambanso cha m'ma 5, ndiye ngati ndege ikufika usiku, usiku woyambawo gonani kufupi ndi eyapoti, ku Narita town mahotelo alipo ndipo ambiri ali ndi basi yaulere. Ndipo mukabwera kumapeto a Malichi nthawi ya maluwa a sakura, kapena pa tchuthi cha Golden Week kumayambiriro a Meyi, kapena cha Obon pakati pa Ogasiti, bukitsani miyezi ingapo zisanafike, apo ayi ndi nthawi yomwe anthu ngati ejenti wanga uja amakolola.

Nambala yake ndikadali nayo. Sabata yatha ndinaona pa sitetasi waika zithunzi zomwe zija, khitchini yomwe ija, akuti Tokyo, mphindi 10 kuchokera pa siteshoni. Ndinamulembera kuti siteshoni yake iti achimwene, anawerenga, matiki awiri abuluu, kenaka anandibloka.