CSV ya magigabayiti pa laputopu ya RAM yochepa, muiwerenge chonchi

CSV ndi fayilo ya data yolembedwa mizeremizere, makolamu ake olekanitsidwa ndi ma comma. Ikakhala yaikulu chonchi, choyamba musaitsegule mu Excel chonde. Excel imathera pa mizere 1,048,576 basi, ndiye fayilo ikakhala ndi mizere 20 miliyoni imakuchenjezani kamodzi, inu nkudina OK osawerenga, kenako mukupanga ma total pa kachidutswa chabe ka data mukumaganiza kuti ndi yonse.

Mu Python vuto ndi chizolowezi chathu chongolemba f.read() kapena f.readlines() kapena pd.read_csv() ya pandas (library ya Python yogwirira ntchito ndi ma tebulo a data) osaganiza. Zonsezi zimanyamula fayilo yonse nkukaitula mu RAM (memory imene kompyuta imagwiriramo ntchito), ndipo ikafika mmenemo nthawi zambiri imafufuma kuposa mmene inaliri pa disiki chifukwa Python kamawu kalikonse imakasunga ndi katundu wake wowonjezera. Fayilo ya 5 GB pa laputopu ya 8 GB, fani kuyamba kulira, mouse osayenda, mapeto ake MemoryError, kapena pa Linux kumangolembedwa Killed basi.

Kuchigayo sakhuthula thumba lonse kamodzi, chimanga chimalowa pang'onopang'ono ufa ukutuluka pansi. Nayenso script azigwira choncho:

import csv
total = 0.0
with open("malonda.csv", newline="", encoding="utf-8-sig") as f:
    for mzere in csv.DictReader(f):
        total += float(mzere["ndalama"])

Apa mu RAM muli mzere umodzi ndi total, kaya fayiloyo ndi 50 MB kaya 50 GB memory yake ndi yomweyo, chosiyana ndi nthawi yodikira. utf-8-sig ndi ya mafayilo ochokera ku Excel amene amabwera ndi kachizindikiro kosaoneka koyambirira, popanda iyo dzina la kolamu yoyamba limasokonekera ndipo mudzakhala ola lonse kufunafuna chifukwa chake KeyError.

Ndipo musayese mzere.split(",") eti ndi zachangu. Adiresi ngati "Area 25, Lilongwe" ili ndi comma mkati mwa ma quote, split imaidula pawiri makolamu onse akutsogolo nkusuntha, script osadandaula nkomwe, imangokupatsani manambala abodza mwaulemu. Ma field ena amakhalanso ndi newline mkati, nchifukwa chake timaika newline="" ndikusiyira csv module ntchito yake.

Pamene ambiri timagwa ndi apa: wawerenga bwinobwino mzere ndi mzere koma mkati mwa loop ukupanga append chilichonse mu list, ndiye kuti fayilo yonse ija waibweretsanso mu RAM kudzera khomo lakumbuyo. Zotsatira muzilemba pompopompo mu fayilo ina ndi csv.writer. Dict yosunga total ya boma lililonse ilibe vuto, maboma a Malawi ndi 28 okha, koma set yosunga ID ya mzere uliwonse imakula limodzi ndi fayilo.

Okonda pandas ikani chunksize=100000 mu pd.read_csv(), mudzilandira zidutswazidutswa mu loop, onjezani usecols kuti mutenge makolamu ofunika okha, ndi dtype=str pa kolamu ya nambala za foni apo ayi ziro wakutsogolo uja amasowa. Samalani ndi average, musatenge average ya chidutswa chilichonse nkuphatikiza, chomalizacho nthawi zambiri chimakhala chaching'ono ndiye yankho limapendekeka, sungani sum ndi count mugawe kumapeto.

Fayilo ikabwera ili .gz osavutika kuimasula, gzip.open(dzina, "rt", newline="") imalowa mmalo mwa open. Mukaona error ya field larger than field limit (131072), yang'anani kaye ngati palibe quote yosatsekedwa musanathamangire kukweza csv.field_size_limit.

Kusanja mizere yonse kapena kulumikiza mafayilo awiri akuluakulu, loop imeneyi siithandiza chifukwa muyenera kuona zonse. Ine pamenepo ndimangothira data mu SQLite (database yosunga zonse mu fayilo imodzi pa disiki), module ya sqlite3 imabwera kale ndi Python, kulowetsa mizere 10,000 nthawi imodzi ndi executemany, kuika index, kenako kusanja kapena kulumikiza ndi SQL.