Bilimankhwe woweta amadwalira m'chakudya, m'nyale ndi m'madzi

Mlongo wanga amene amakhala ku Leeds ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp. Munali bilimankhwe wobiriwira ali pa nthambi m'bokosi lagalasi, chiwala chili patsogolo pake. Anachilunjika ndi maso onse awiri n'kuponya lilime, koma lilimelo linathera panjira, n'kulendewera kukamwa kwa kanthawi lisanabwerere. Miyendo yakutsogolo inali itapindika ngati uta. Pansi pake analemba kuti: "Achimwene, inu mumadziwa za ziweto. Kanyama ka mwana wanuyu kakudya ndithu, koma kakumagwa pa mtengo. Chavuta n'chiyani?"

Ambirife tinakula tikuthawa bilimankhwe, ena amati nanzikambe, ngakhale kuti alibe ululu uliwonse. Koma ku Britain, ku America ndi ku South Africa amagulitsidwa m'masitolo a ziweto, ndipo ana athu obadwira kumeneko amawalirira. Mitundu yofala ndi itatu: veiled wochokera ku Yemen ndi Saudi Arabia, uja wachipewa chachitali pamutu, panther wa ku Madagascar, wamawangamawanga, ndi Jackson's wa nyanga zitatu wochokera ku Kenya ndi Tanzania. Wa mlongo wanga ndi veiled, ndipo malangizo anga akhudza kwambiri ameneyu.

Chimene chinamugwira ndi matenda ofewetsa mafupa, omwe amapha abilimankhwe ambiri owetedwa. Amene munawetapo nkhuku zoikira mukudziwa zimene zimachitika laimu akachepa m'chakudya: mazira amatuluka a chikamba chofewa, kenako nkhuku imalephera kuima. N'chimodzimodzi kuno. Thupi likasowa kashiamu, mchere wolimbitsa mafupa umene uli mu laimu uja, m'magazi limakamutenga m'mafupa. Nsagwada zimafewa, zala zimalephera kugwira nthambi, ndipo lilime, lomwe pa bilimankhwe wathanzi limatha kutalika kuposa thupi lake, silifikanso patali. Chopweteka n'chakuti nyamayi imapitirizabe kudya, choncho mwini wake amaona ngati zonse zili bwino mpaka zinthu zitafika poipa.

Ndiye nkhani ya kudyetsa iyambire pa tizilombo. Tinkhululu tating'ono, dzombe ndi mphemvu zimene amagulitsa m'timabokosi zili ndi kashiamu wochepa kwambiri, fosiforasi n'kuchuluka, mchere umene ukachuluka umalepheretsa thupi kutenga kashiamu. Zikakhala masiku angapo m'sitolo osadya kanthu, zimangokhala zikhungwa zoyenda. Mukazigula, musathamangire kuziponya m'khola. Ziikeni m'chidebe chawo ndi kuzidyetsa kwa tsiku limodzi kapena awiri masamba a mpiru, repu, nkhwani, tizidutswa ta dzungu ndi karoti. Chimene chili m'mimba mwa kachilomboko ndicho chimene bilimankhwe wanu adye. Sipinachi musiyeni, chifukwa ali ndi zinthu zomanga kashiamu kuti thupi lisamugwiritse ntchito.

Nthawi yodyetsa ikakwana, ikani tizilomboto m'kapu, thirani kaufa ka kashiamu pang'ono n'kugwedeza. Tizingooneka ngati tayenda pa fumbi, osati kuyera mbee ngati tagwera m'thumba la ufa. Kashiamu wopanda vitamini D3 ndiye wa pafupifupi chakudya chilichonse. Ufa wa mavitamini osakaniza, wokhala ndi D3 ndi vitamini A, ukhale wa kawiri pa mwezi basi, chifukwa mavitamini awiriwa akachuluka amaunjikana m'thupi n'kuvulaza nyama. Ndaona anthu akuwirikiza mavitamini poganiza kuti akuchiritsa, pamene akuwonjezera vuto.

Wamng'ono amene akukula adye tsiku lililonse mpaka akhute. Wamkulu, wopitirira chaka, tizilombo titatu kapena tinayi pakapita tsiku limodzi n'zokwanira. Kachilombo kasakule kuposa mpata wa pakati pa maso ake. Muzisinthasintha, lero dzombe, mkucha mphemvu, nthawi zina mphutsi za ntchentche yakuda ija imene alimi ena ayamba kuweta ngati chakudya cha nkhuku, chifukwa zimenezi zili ndi kashiamu wambiriko. Mphutsi zamafuta zizikhala zapatalipatali. Akazizolowera amayamba kukana china chilichonse. Kwa inu a ku South Africa amene mungakopeke kugwira ziwala pabwalo, pewani malo opoperedwa mankhwala, ndipo nunkhadala, chiwala chamawanga owala chija, musayerekeze. Ziphaniphani nazonso ndi poizoni kwa abuluzi.

Komatu kashiamu yense uja ndi wachabe ngati palibe kuwala koyenera. Apa m'pamene panagona vuto la ku Leeds. Khungu la bilimankhwe limapanga vitamini D3 likawombedwa ndi cheza cha dzuwa chotchedwa UVB, ndipo popanda D3 matumbo satenga kashiamu. Mlongo wanga anaika bokosi pafupi ndi windo poganiza kuti dzuwa likulowa. Kuwala kumalowadi, koma galasi limatchinga cheza cha UVB. Babu limene anamugulitsa linali lotenthetsa chabe. Pamafunika nyale ziwiri: chubu chachitali cha UVB cha mtundu wa T5 chogona pamwamba pa khola, ndi babu lofunditsa kumbali imodzi. Ziziyaka maola 12 n'kuzima maola 12, usiku kukhale mdima weniweni. Chubucho chimafooka chikuwalabe, choncho lembani tsiku logula pa khoma ndipo muchisinthe chaka chisanathe, kapena msanga malinga ndi malangizo a opanga. Muli ku Johannesburg kapena Durban, dzuwa lam'mawa ndi laulere: tulutsani khola la sefa panja, theka likhale pamthunzi, ndipo musachokepo. Bokosi lagalasi musaliike padzuwa, limatentha ngati uvuni.

Pa nthambi yowotherapo, veiled amafuna kutentha kwa madigiri 29 mpaka 32 a Celsius, m'munsi mwa khola mukhale mozizirirapo, cha m'ma 22 mpaka 25, ndipo usiku kuzizire ndithu. Jackson's ndi wa kumapiri, safuna kutentha kofika pamenepo. Yezani ndi choyezera kutentha, dzanja limanama. Nthambi isayandikire babu kwambiri, chifukwa amapsa msana ndi chipewa osachoka.

Za madzi ndizichedwerapo, chifukwa anthu amadabwa nazo. Bilimankhwe nthawi zambiri samwa m'mbale. Kutchire amanyambita mame ndi madontho a mvula pa masamba, ndipo madzi ongokhala phee ambiri sawazindikira n'komwe. Poperani masamba m'mawa nyale zisanayake ndi madzulo zitazima, kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, mpaka masamba azichucha. Masana ikani kabotolo koboola pansi pamwamba pa khola kuti kazidontheza pa tsamba. Mukamuyang'ana patali mudzaona akutsegula ndi kutseka kamwa pang'onopang'ono, akumeza. Ambiri samwa munthu akuwaona, ndiye umboni wake ndi chitosi. Chili ndi mbali yakuda ndi mbali yoyera, monga cha nkhuku. Mbali yoyerayo ikakhala yoyera kapena yachikasu pang'ono kunsonga, madzi akukwana. Ikakhala yaolenji ndi youma, maso n'kulowa m'kati, nyamayo ili ndi ludzu, ndipo ludzu lokhalitsa limawononga impso. M'nyumba za ku Britain nthawi yachisanu, zotenthetsera m'nyumba zimaumitsa mpweya, choncho khola lisakhale pafupi nazo. Koma lisakhalenso lonyowa tsiku lonse. Pakati pa kupopera kuwiri lizipeza mpata wouma, apo ayi mudzamva akupuma movutikira, kamwa lili yasa ndi thovu.

Khola la wamkulu likhale la sefa, losachepera masentimita 60 m'lifupi, 60 m'litali ndi 120 kupita m'mwamba, loikidwa pa tebulo kuti aziyang'ana anthu ali pamwamba. Mudzaze nthambi zopingasa ndi zomera zamoyo monga hibiscus ndi pothos zoti azibisalamo. Veiled amadya masamba, choncho zomerazo zitsukidwe bwino. M'khola mukhale mmodzi yekha. Awiri akakhala pamodzi, ngakhale osamenyana, wofookayo amada khungu, amasiya kudya n'kufa. Ana auzeni poyera kuti iyi ndi nyama yoonera, si yonyamula ngati mwana wa mphaka, ndipo aliyense wogwira khola asambe m'manja ndi sopo chifukwa zokwawa zimatha kukhala ndi tizilombo ta salmonella.

Ngati wanu ndi veiled kapena panther wamkazi, dziwani kuti amaikira mazira ngakhale asanaonepo wamwamuna. Mukamudyetsa mopitirira ndi kumufunditsa kwambiri, veiled amatha kupanga mazira opitirira 50 nthawi imodzi, ndipo onsewo amatenga kashiamu m'thupi mwake. Muikireni chidebe cha mchenga wosakaniza ndi dothi lonyowa pang'ono, chakuya masentimita 25 kapena 30. Akayamba kukumba, phimbani khola ndi nsalu ndipo musamasuzumire. Akasokonezedwa amasiya dzenje, mazira n'kukakamira m'mimba.

Bilimankhwe wotseka maso masana, wokhala pansi pa khola, kapena wogwa pa nthambi ndi wodwala kale kwambiri, chifukwa nyamayi imabisa matenda. Pitani naye kwa dokotala wa ziweto wodziwa zokwawa tsiku lomwelo.

Pali pempho limene ndimalikana. Wina ankafuna kuti ndimugwirire bilimankhwe kumudzi kuti apite naye kunja. Ogwidwa kutchire amabwera ndi njoka zam'mimba ndipo ambiri sakhalitsa m'khola. Kuwatulutsa m'dziko kumayendera malamulo a CITES, mgwirizano wa mayiko woyang'anira malonda a nyama zakutchire, ndi chilolezo cha boma. Ndiponso dziko lathu la Malawi lili ndi mitundu yosapezeka kwina kulikonse, monga wa m'phiri la Mulanje amene asayansi anamutcha Nadzikambia mlanjensis potengera dzina lathu lija la nanzikambe, ndi kakang'ono ka Chapman ka m'mapiri a Malawi Hills ku Nsanje, kamene nkhalango yake yatsala zigawo zochepa. Wofuna kuweta agule wobadwira m'khola kwa woweta wodziwika. Amene ali m'munda mwanu musiyeni azikugwirirani ziwala.

Wa ku Leeds uja anapita kwa dokotala, analandira kashiamu wamadzi, ndipo anamusamutsira m'khola la sefa lokhala ndi chubu cha UVB. Nthambi tinagwirizana zoti zitsitsidwe kaye, pansi payalidwe thaulo kuti akagwa asathyoke. Mwana uja tsopano ali ndi ntchito yodulira dzombe masamba Lachisanu lililonse. Miyendo yopindikayo sidzawongokanso, koma m'kavidiyo ka sabata yatha lilime linafika pa chiwala.