Musanayambe kunyamula anthu pa Sienta yanu

Abale anga a ku Salima amene mukufuna kumapezako kangachepe ponyamula anthu pakati pa Kamuzu Road ndi Senga Bay, laisensi ya code B payokha siyokwanira. Pitani ku Road Traffic mukatenge PrDP, chilolezo chonyamulira anthu olipira. Galimoto nayo ikhale ndi COF yomwe sinathe (chiphaso chosonyeza kuti galimotoyo ndi yoyenera kuyenda pamsewu), komanso nambala yofiira ija ya galimoto zochitira bizinesi.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi inshuwalansi. Ambirife timadula ya galimoto yapakhomo poti ndi yotchipa. Tsiku la ngozi, mwana wa eni ake atathyoka mwendo pampando wakumbuyo, kampani ikhoza kukana kulipira, zonse n'kugwera m'thumba mwanu. Chonde, podula auzeni poyera kuti galimotoyo muzinyamulira anthu, ngakhale mtengo ukwere.