Momwe mungasankhire mode ya kamera kukada

Phwando laukwati likafika cha m'ma 6 koloko madzulo, m'holo mumayamba kuda. Kamera ikakhala pa Auto imadzutsa kaflash kake, nkhope n'kuyera mbee, kumbuyo kuli bii. Choyamba, tembenuzani kagudumu kapamwamba kaja kachoke pa Auto.

Nthawi ya zolankhula, anthu atakhala pansi, ikani pa Av ngati muli ndi Canon, kapena pa A ngati ndi Nikon kapena Sony. Pa mode imeneyi inu mumasankha nambala ya f, yomwe imasonyeza kukula kwa bowo lolowetsa kuwala mu lens. Tsitsani nambalayi mpaka pothera kuti kuwala kulowe kokwanira. Lens ya 18-55mm yobwera ndi kamera imayambira f/3.5, koma mukakokera pa 55mm imafika f/5.6, ndiye musakokere, senderani pafupi nokha. Ya 50mm f/1.8 imalowetsa kuwala pafupifupi kakhumi kuposa f/5.6, ndipo ndi yomwe muyenera kuyamba kugula.

Vuto la Av n'lakuti kamera imatsitsa shutter (liwiro lomwe imatsekula n'kutseka pojambula) mwakachetechete, mwina mpaka 1/15 ya sekondi. Perekaniperekani akangoyamba, azakhali akuvina uku akuponya ndalama m'lichero, manja onse atuluka mwachimbuuzi. Apa samukirani pa M, mode yomwe mumasankha nokha nambala ya f ndi shutter. Ikani f/1.8 kapena f/2.8 ngati lens yanu imafika pamenepo, shutter 1/250, ISO (nambala yomwe ikakwera chithunzi chimawala kwambiri) muisiye pa Auto koma muiikire malire pa 6400, kapena 3200 ngati kamerayo ndi yakale. Mukatero kamera imangosintha ISO yokha, zinazo zili m'manja mwanu.

Ambiri amaopa ISO yokwera chifukwa cha timadontho tonga mchenga pachithunzi. Musaope. Timadonthoto timachepetsedwa pa kompyuta, makamaka ngati munajambula RAW (mtundu wa fayilo yomwe kamera siinaikonze), koma nkhope ya mkwatibwi ikachita chimbuuzi palibe chomwe mungachite, ndipo tsikulo silibweranso.

Mukangojambula, onani diresi loyera lija. Kumbuyo kukakhala mdima, kamera imanyengeka n'kuwonjezera kuwala mpaka maluwa osokedwa padiresi osaonekanso. Tsitsani exposure compensation (pa chizindikiro cha +/-, powonjezera kapena kuchepetsa kuwala) ifike pa -1.

Mababu ena a LED ndi machubu amaphethira motsatira magetsi athu a 50Hz. Mukaona mizere yakuda kapena mtundu ukusinthasintha, yesani shutter ya 1/100 kapena 1/50 pojambula anthu omwe angoima.

Keke ndi zokongoletsa siziyenda. Kamera ikhale pa tripod (choimikirapo cha miyendo itatu) kapena patebulo, ISO 100, timer ya masekondi 2 kuti dzanja lisaigwedeze podina.